Belu la Alviina

Loweruka, 1 Okutobala

Zipi. Zaka 25 ndikulowa pansi pa nyanja, lero ndalumpha pa doko la pakhomo zipi ya suti ili chitsekukire kumsana. Madzi madigiri 9. Analowera m'khosi, n'kutsetsereka ndi msana, n'kukakhazikika m'masokosi. Suti yosalowa madzi yasanduka ndowa. Ndimangofuna kuona unyolo wa doko chisanu chisanafike, ntchito ya mphindi khumi.

Zipi ya kumsana munthu sadzitsekera yekha, ndi ntchito ya Outi. Iye akuti anandifunsa ngati yatsekedwa, ine n'kuyankha "eee" maso ali pa foni. Mkazi wanga saiwala kanthu, ngakhale zimene sindinanene.

Ndikukwawa pa makwerero, mano ali gwegwegwe, ndangoona nsapato ziwiri zakuda. Pamwamba pa nsapatozo, a Voitto. Amene anandiphunzitsa ine zolowa m'madzizi, ine ndi theka la chilumba chino, asanasamukire ku mzinda wa Turku. Angotsika kumene pantoni ya masana. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka pa chithaphwi chimene ndinaimapo. "Teppo, anthu akamakufunsa kuti anakuphunzitsa ndani, uziti unawerenga m'buku."

Akuti abwera kudzacheza masiku awiri okha. Zikwama ziwiri za zida, botolo la mpweya, ndi kachikwama kobiriwira kamene anakana kuti ndiwanyamulire.

Lamlungu, 2 Okutobala

Mphuno zatseka. Supu ya nsomba. A Voitto adya mbale ziwiri, ayamikira buledi wakuda wa Outi, andiuza kuti zingwe ndimapachika molakwika.

Sauna, kanyumba kathu kosambira nthunzi, cha m'ma 5, awiriwiri. Nkhani yolemera kuno siikambidwa pa tebulo, imadikira anthu avule. Nditathira madzi pa miyala yotentha kachitatu, iwo maso ali pa khoma: "M'kachikwama muja muli belu la Alviina."

Ndinayesa nthunzi yandilowa m'makutu. Alviina! Chombo chathu cha matabwa, chogona pansi pa nyanja mamita 9 kuseri kwa timiyala ta kummwera, chimirire ndi njerwa zake mu 1911. Tonsefe tinayambira pamenepo. Ndi pamene a Voitto ankaimitsa boti n'kutilalikira tisanalumphe: pansi apa ndi pakhomo pa eni ake, maso okha, manja m'khwapa. Belu tonse timadziwa kuti linabedwa kalekale ndi "anthu a mumzinda". Amene anatiuza zimenezo ndi iwo.

Anadula bawuti yake ndi sowo mu 1974, ali ndi zaka 26. Lakhala mu wadilopu, kuseri kwa majekete, zaka 48. Mwezi wamawa opareshoni ya chiuno, ndipo dokotala wanenetsa kuti za botolo kumsana zathera pomwepo. Akufuna alibweze chaka chino. Ndinati ndikalisiya ndine, mwakachetechete, palibe angadziwe. "Dzanja limene linatenga ndi limene libweze."

Vuto ndi kabwato kanga. Mafunde a Okutobala kunja kuja sikangawathe, komanso kalibe makwerero, ndipo ndi chiuno chimenecho sangakwerere cham'mbali. Boti la makwerero pachilumba pano ndi limodzi. La Asko. Ndipo Asko amalivuula pa 17 Okutobala chaka chilichonse, kaya kuche bwanji.

Nditangotchula dzinalo, anatsika kukasamba.

Lachiwiri, 4 Okutobala

Masiku awiri aja anatha dzulo. Palibe watchula za pantoni. Mlendo safunsidwa tsiku lopita. Umangomuthirira khofi n'kumayankhula za mphepo.

Ndilembe za Asko, kuti ndione bwino kuya kwa dzenje limene ndagweramoli. 1999. Asko, msodzi, wophunzira wawo wodziwa kuposa tonse, anatola mbale imodzi ya dothi mu Alviina, yobenthuka pamlomo. Akuti ya mayi ake. A Voitto anaimirira pa msonkhano wa kalabu yathu ya zolowa m'madzi mbale ili m'manja, n'kuyankhula mphindi makumi awiri. Liwu loti "wakuba" linatuluka kawiri. Chilimwe chonse osaloledwa kulowa m'madzi ndi anzake, ndipo mbale anakaibweza yekha, tonse tili pa mzere kuonerera. Ine ndinalipo. Ndinawombera nawo m'manja, ndisaname. Asko sanapondenso ku kalabu. Zaka 23 moni wa chibwano basi, akakumana pa pantoni.

Nthawi yonseyo belu lili phee kuseri kwa majekete.

Masana aliika pa tebulo kuti Outi alione. Makilo 9. Dzina lolembedwa mozokota, zilembo zonse zilipo. Koma kuwala kwake! Outi anayang'anirapo tsitsi. Amalipukuta Lamlungu lililonse, chitseko chokhoma, ndi polishi wa mkuwa. Outi: "Ndiye mukakaliika kumeneko, anthu adzati amalitsuka ndani, nsomba?"

A Voitto sanaganizepo zimenezo. Inenso ayi. Amuna awiri opita kusukulu.

Lachitatu, 5 Okutobala

Viniga, mchere, ndowa, mu shedi. Tikufuna lichite dzimbiri lobiriwira ngati lagona m'nyanja zaka zana. Mmawa ndikuphunzitsa ana mbiri yakale kusukulu, masana ndikupanga mbiri yabodza m'ndowa. Digiri yagwira ntchito.

Pulani ya a Voitto: tidzamuuza Asko kuti m'kachikwama muli mtovu wowonjezera wodzilemetsera pomira. Ndinafunsa kuti akamupemphe boti ndani. Anati viniga wachepa.

Nyumba yonse ikununkha ngati botolo la nkhaka zoviika. Outi, amene ofesi yake ndi chipinda cha alendo, tsopano akugwirira ntchito pa tebulo la kukhitchini, a Voitto ali kumbuyo kwake kumuuza kuti akukhala mopinda msana.

Loweruka, 8 Okutobala

Nkhuni zonse za chisanu zawazidwa. Zaunjikidwa ngati mabuku, khungwa pamwamba. Chitseko cha shedi sichikuliranso. Masipuni asanjidwa mwa misinkhu, ndipo Outi wafunafuna chotsekulira zitini theka la ola. Mlendo wotere ungamuthamangitse ndi mawu ati?

Tsiku lililonse "akukawongola miyendo". Njira yake ndi imodzi: kudutsa pa shedi ya maukonde ya Asko, kuima pang'ono kuyang'ana mitambo, kubwerera. Akabwera amandiuza kumene mphepo ikuchokera. Ngati ndilibe windo.

Dzulo belu linali litabiriwira bwino lomwe, mwina a ku nyumba yosungira zakale akanagwa nalo. Lero mmawa ndikulowa mu shedi, kung'anima! Iwo ali pa chitsa chowazira nkhuni, belu pa maondo, kansalu m'manja. "Panali kadontho kamodzi kamandinyansa." Viniga wa masiku atatu. Outi anaseka mpaka kugwira firiji.

Ine sindinaseke kwambiri. Ndinaona manja awo. Zala zokhota, khungu ngati pepala la mu baibulo. Manja omwewa anandigwira pachifuwa tsiku limene ndinachita mantha pansi pa Alviina ndili ndi zaka 24, ndikufuna kuthawira kumwamba, mpaka mpweya wanga unabwerera m'malo. Sanauze munthu aliyense za tsiku limenelo. Akalamba, abale. Sindinaone tsiku limene zinayamba.

Masiku 9 kuti boti livuulidwe.

Lolemba, 10 Okutobala

Ndinapita ndekha kwa Asko nditaweruka. Akusoka ukonde, sanadzutse mutu.

"Ndamva uli ndi abusa kunyumba."

Ndinati munthu wamkulu akufuna kuona Alviina komaliza, chiuno, dokotala, zonse. Za belu sindinanene, si zanga.

"Akufuna boti langa? Pakamwa ali napo. Ndinapamva pakugwira ntchito bwino mu '99."

Kenako anandifunsa ngati ndi zoona kuti masiku ano ndikumatunga madzi a m'nyanja ndi suti kupita nawo kunyumba. Akuti wauza kale a kusitolo, a pantoni, ndi mkazi wa positi. Ndiye ndi chifukwa chake ana a sitandade 6 amangoti "zzzip" ndikatembenukira ku bolodi.

Anandipatsa nsomba zinayi zowamba. "Zitatu zanu, imodzi ya mphaka." Tilibe mphaka. Tilipo atatu pakhomo, ndiye mwina wawerengera mlendo kawiri, mwina wamuyesa mphaka. Ndi Asko sungadziwe.

Lachitatu, 12 Okutobala

Mvula, mphepo ya kummwera chakumadzulo. A Voitto ayesa suti yawo pa balaza, ayeza mpweya m'botolo, aupeza uli monga anaupezera dzulo.

Outi watopa nafe. Anakumana ndi Asko kusitolo n'kumuuza kuti mawa tikoleza sauna, nkhuni zatichulukira, abwere 5 koloko. Pamaso pa anthu. Munthu akakuitanira sauna sukana popanda maliro.

Anatiuza pa chakudya cha masana, akupaka batala. A Voitto anafunsa ngati m'nyumba muno muli mankhwala a mutu. Outi: "Alipo. Mumwe mawa, mukatuluka."

Lachinayi, 13 Okutobala

Ndilembe mwadongosolo ndisanaiwale.

Asko anafika ndi thaulo pakhosi. Moni wa chibwano. Tonse atatu pa benchi ya pamwamba, ine pakati ngati soseji. M'sauna anthu sakangana, sakweza mawu, ndi lamulo lakale kuposa tchalitchi chathu. Ndipo chikho chothirira madzi pa miyala chimapatsidwa kwa mlendo. Outi anaziwerengera zonsezi. Ine ndinazindikira chikho chili kale m'manja mwa Asko.

Choyamba. Chachiwiri. Chachitatu, chodzaza. Chachinayi makutu anga anayamba kupsa m'mphepete. Chachisanu ndinatsikira pa benchi ya ana, ulemu wanga unatsalira mu suti muja kale. Awiriwo ali pamwamba, ofiira ngati nkhanu zophika, aliyense akuyang'ana mfundo yake ya thabwa. Wa zaka 74 ndi wa zaka 58. Ndinayamba kuganiza kuti ambulansi ya pa boti imatenga mphindi zingati.

Chachisanu ndi chimodzi. Nthunzi itakhazikika, a Voitto: "Belu la Alviina ndinatenga ndine."

Miyala ikungoti tsiii.

"Liti?"

"Mu '74."

Ndinamuona Asko akuwerengera, milomo ikugwedera. "Ndiye tsiku la mbale lija..."

"Linali mu wadilopu. Ndili nalo pano. Ndikufuna ndikalibweze, ndipo popanda makwerero ako sindingathe."

Asko anatunga chikho china, n'kuchigwira m'malere kanthawi, n'kubwezera madziwo mu ndowa. Anatsika, anatuluka, ndinamva phava! pa doko. Anavala, anadya soseji ziwiri ndi mastadi ataimirira, anathokoza Outi, anapita. Za boti, ngakhale liwu limodzi.

Lachisanu, 14 Okutobala

Palibe.

A Voitto sanawaze nkhuni, sanapukute kanthu, sanandikonze chilichonse. Ndinapachika chingwe molakwika dala pamaso pawo. Anangochiyang'ana.

Madzulo anafunsa kuti pantoni ya mawa imanyamuka nthawi yanji. Funso limene ndalidikira masiku 13. Ndipo ndinadzimva ndikunena kuti ya Loweruka imadzaza kwambiri, bola Lolemba. Outi anandiyang'ana. Kenako anati inde, imadzaza zedi. Pantoni imene nthawi ino ya chaka imanyamula magalimoto atatu ndi galu.

Loweruka, 15 Okutobala

Hutala pa doko 9 koloko mmawa. Nyanja ili bata ngati mbale ya mkaka. Asko, kapu m'manja: "Mukufuna ndikutumizireni kalata?"

Sindinaonepo munthu wa chiuno chodwala akunyamula zida mofulumira choncho. Atafika ndi kachikwama kobiriwira, Asko anatambasula dzanja. "Chikwamacho chitsale. Likwere belu lokha." Analipachika pa ngowe kutsogolo kwa kanyumba ka chiwongolero, n'kumangirira kachingwe ku lilime lake. Dzuwa linamenyapo mpaka kuthobwa m'maso. "Mdala, lero woimba belu ndinu. Tidzera ku doko lalikulu, ndikufuna mafuta."

Thanki inali yodzaza. Ndinaona muvi.

Loweruka mmawa ku doko lalikulu ndiye chilumba chonse. Ogulitsa nsomba, odikira pantoni, ndi anthu a kalabu asanu pa benchi ya pa sitolo ndi makapu awo. Asko anachepetsa liwiro mpaka bakha kutipitirira. A Voitto ataimirira, kachingwe m'manja. Ngii, kamodzi, kofooka.

"Sindikumva, mdala, injini ikusokosa."

Anamuyang'ana. Kenako anakoka ngati kwabuka moto. Nge! Nge! Nge! Mbalame zonse m'mwamba. Sirkka wa sitolo anatuluka ndi epuloni: "Voitto, belu limenelo ndi la kuti?"

Ndiye liwu lawo lija, limene tinkalimva ndi pansi pa madzi pomwe, linatuluka lonse. "La Alviina! Ndinaba ine mu 1974! Asko anatola mbale imodzi ndinamutcha wakuba, ine ndili ndi ili! Ndikukabweza!"

Makapu ali m'malere. Kenako mdala wina pa benchi paja, mosakweza mawu: "Koma mwalisamala." Asko anawonjezera moto, nkhope atatembenuzira ku nyanja, mapewa akugwedezeka.

Pa Alviina nangula pansi, mbendera yochenjeza maboti ena m'mwamba. Asko ananditsekera zipi, n'kulengeza kwa mbalame kuti lero Teppo watsekedwa, zilembedwe. Ndinatembenuka kuti ndiwatsekere a Voitto. Ndinachedwa. Anali atamupatsa kale msana Asko, manja atatambasula. Asko anaima kamphindi. Anakoka zipi kuchokera phewa ili kufika linalo, n'kuikokanso kawiri kumapeto monga tinaphunzitsidwira tonse, n'kuwamenya kambama pa phewa. Ine ndinapeza chochita ndi magalasi anga.

Belu tinalimangirira ku thumba la mpweya kuti m'madzi lisalemere. Ukatsika nalo m'manja n'kulisiya pansi, umathamangira kumwamba ngati chitsekerero cha botolo. Phunziro lachinayi, a Voitto anandikumbutsa kawiri.

Pansi. Kubiriwira kuja, kuzizira kumaluma milomo kenako n'kusiya. Maso amaona mamita asanu, mwayi wa Okutobala. Alviina ali chikhalire, matabwa ake onse, njerwa zili m'mizere ngati womanga abwera mawa. Tinsomba tamizeremizere pa chitsa cha mlongoti. Kutsogolo, pa mtengo wake, kachidutswa ka bawuti kadakalipo, kodulidwa mokhota. Zaka zonsezi ndakadutsa kambirimbiri osakaona. A Voitto anakakhudza ndi chala chimodzi. Anamangirira belu pamenepo ndi chingwe, mfundo zitatu, pang'onopang'ono, ine ndikuwaunikira ndi tochi. Pakati pa ndere ndi tinkhono, chinthu chikuwala ngati cha pa ukwati.

Kenako anandikodola. Mpaka kumbuyo, kumene kunali kophikira. Mbale ija ilipo. Yotsamira njerwa za mbaula, tinkhono tadzaza m'mphepete, kobenthuka kali pamwamba. Anayandama pamenepo nthawi yaitali, manja m'khwapa, thovu likukwera pang'onopang'ono.

Pobwerera anagogoda belu kamodzi ndi chigwiriro cha mpeni. M'madzi silimveka m'makutu, limamveka m'nthiti.

Mphindi 31. Makwerero anakwera okha, sitepe imodzi imodzi, Asko atagwira botolo cha kumwamba ngati sakuligwira.

Khofi wa mu fulasiki, mabanzi a sinamoni a Outi. Asko akuti kugogodako kunamveka m'thupi la boti, anayesa injini yathyoka. Kenako, akuyang'ana mu kapu: "Mbale yanga ilipo?"

"Ilipo. Unaiika mopendekeka."

"Ndinali ndi mphunzitsi woipa."

"Zoona."

Banzi lomaliza anagawana pakati. Ine amene ndinanyamula tochi, palibe.

Lamlungu, 16 Okutobala

Zikwama pa khomo 10 koloko. Suti apatsa kalabu. Botolo andipatsa ine, ndi malangizo. Outi wapatsidwa chitini cha polishi ndi kansalu, "pa zogwirira zitseko zanuzi, zikuchititsa manyazi." Anamukumbatira mwadzidzidzi, onse awiri anadabwa.

M'galimoto ndinali ndikukonza mawu onena pa pantoni, achimuna, osalira. Pa mphambano ndikuti ndikhote kumanja, iwo: "Kumanzere."

Kwa Asko. Mawa akuvuula boti, ndipo a Voitto akuti dzulo anaona mmene iye amamangira malamba, ndi ngozi yokhayokha, pakufunika munthu wodziwa. Asko anawauza kuti ngati akudziwa kwambiri abwere adzaonetse. Iwo amva kuti ndi kuitana.

Asko anatuluka pa khonde, kuyang'ana zikwama, kuyang'ana ine. A Voitto ali kale pa sitepe, akugwedeza thabwa lina lomasuka ndi phazi. "Masiku awiri okha, Asko."

Ndinabweza galimoto cham'mbuyo osayang'ana munthu m'maso. Ndikufika kunyumba Outi wabwezera kale kompyuta m'chipinda, mawindo onse otsekula, masipuni wawasakaniza dala.

Ndikanamuchenjeza Asko, za masipuni ndi zina. Koma za zipi anauza chilumba chonse ndi iye.